Njinga ikamalira ndi tchoko basi, musathamangire kugula kabuleta

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Mangochi, dzuwa lija loswa mtengo likayamba, pagalaja panga pamabwera njinga zamoto zodwala nthenda imodzi. Eni ake amafika atatopa kale. "Amwene, njingayi m'mawa siilira popanda tchoko. Ikalira, ndikangobweza tchoko, yazima. Ikatentha ndiye zina: ndikasiya moto imangolirabe pamwamba ngati wina akukoka kebulo." Ndikafunsa zomwe achitapo, yankho silisintha. Kabuleta atsukitsa kawiri, pulagi agula yatsopano, tisikulu ta pakabuleta atipotokola mpaka kuiwala pomwe tinali. Ena amafika atagula kale kabuleta ina, ndalama ya masiku angapo a kabaza, koma vuto lili pompaja.

Njinga zambiri zoterezi kabuleta yake ilibe mlandu. Injini imakhala ikuyamwa mpweya pambali, penapake pakati pa kabuleta ndi hedi, mutu wa injini.

Kabuleta ntchito yake ndi kuyeza. Mpweya ukamadutsa pakhosi pake, imathiramo petulo wolingana ndi mpweyawo. Kuti petulo apse bwino bwino pamafunika magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, ndipo injini yoima kapena yozizira imafuna petulo wochulukirapo pang'ono kuposa apo. Tsono kabuleta imangodziwa mpweya womwe wadutsa mwa iyo. Wolowera pamng'alu wa manifodi, kapayipi kolumikiza kabuleta ku hedi, kapena pagasiketi yophwanyika sunawerengedwe, ndipo palibe petulo amene wathiridwira iwo. Injini imalandira chosakaniza chosukuluka, mpweya wambiri petulo wochepa.

Nchifukwa chake vutoli limaonekera kwambiri njinga ikaima. Moto ukasiyidwa, silayidi, kachitseko ka m'kabuleta kokokedwa ndi kebulo ya moto, imatsika nkutseka njira, pisitoni ikukokabe, ndiye kuseri kwa silayidi kumakhala kuyamwa kwamphamvu kwambiri. Mpweya wodutsa njira yoyenera pa nthawiyo ndi wochepa zedi, motero kabowo kosaoneka ndi maso kamakwanitsa kusokoneza zonse. Mukakoka moto wambiri, mpweya wa pakabowo kaja umamira mu unyinji wa mpweya winawo. Apa ndi pomwe anyamata ambiri amapusitsika: "Koma pamsewu ikuthamanga bwinobwino." Inde ikuthamanga, koma ikupsa m'kati.

Ichi ndicho chimandiwawa. Injini zathuzi, kaya ndi Lifo, Lifan, Sanlg kapena Boxer, zimazizira ndi mphepo yokha, zilibe madzi. Chosakaniza chosukuluka chimatenthetsa injini kuposa muyeso. Ganizani njinga yotere itanyamula anthu awiri ndi thumba la usipa, ikukwera zitunda za ku Chowe kulowera ku Namwera masana, pa giya yachiwiri, mphepo yoiziziritsa ili yochepa chifukwa liwiro latsika. Vavu ya utsi imapsa m'mphepete, pisitoni imafufuma nkugwira buloko. Chaka china anandibweretsera njinga pa lole kuchokera komweko. Mnyamata woyendetsa anali wa ganyu, njinga ya abwana ake, ndalama amapereka tsiku ndi tsiku. Anali atayenda milungu itatu tchoko chili theka, poti ndi momwe imalolera kulira. Titamasula tinapeza pisitoni yokandika mbali yonse, ndipo chomwe chinayambitsa zonsezo chinali ka O-ring, kalabala kooneka ngati mphete, kophwatalala ka pamanifodi, kamtengo wosafika ngakhale pa ulendo umodzi wa kabaza. Ntchito inamuthera pomwepo.

Zomwe njinga imakuuzani

Chizindikiro chomwe ndimachikhulupirira kwambiri ndi ichi: injini itatentha, kokani moto kamodzi nkusiya. Yabwino imabwerera pansi nthawi yomweyo. Yoyamwa mpweya imakakamira pamwamba kwa masekondi angapo, kenako nkutsika mwaulesi, nthawi zina kutsikiratu mpaka kuzima. Mukaitchuna kuti isazime, ikatentha imakuwa. Mukaitsitsa kuti isakuwe, m'mawa siilira. Palibe malo amodzi pomwe kasikulu ka idling, kotchunira kulira kwa injini moto utasiyidwa, kamakhazikika.

Zina zimatsatira. Imalira bwino tchoko chikakokedwa ngakhale yatentha kale, chifukwa tchoko chikubwezera petulo amene akuperewera. Mukasiya moto potsetsereka, sayilensa imaphulikaphulika, phu phu phu. Mukakoka moto mwadzidzidzi imayamba yakomoka kaye isananyamuke. Miyendo imamva kutentha kwachilendo. Mukamasula pulagi, kansonga kake kamakhala koyera mbuu ngati phulusa la mapesi, pomwe yathanzi imaoneka ngati tiyi wamkaka. Ndipo kasikulu kosakanizira mpweya ndi petulo kamasiya kumveka: mupotokole uku, mupotokole uko, injini osasintha mawu.

Koma chenjerani, pali matenda ena ovala nkhope yomweyi, ndipo ndi bwino kuwachotsa kaye panjira chifukwa satenga nthawi. Kebulo ya moto yothina kapena youma imagwira silayidi m'mwamba. Injini ikulira, tembenuzani chiwongolero mbali zonse, mawu akasintha ndiye kebulo. Injini ili yozima, kokani moto nkusiya, mumve silayidi ikugunda pansi kuti tha. Jeti yaing'ono ya idling, kabowo kodutsa petulo m'kabuleta, ikatsekeka imasowetsanso petulo mofananamo, ndipo kuno zimachitika kawirikawiri chifukwa cha petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu, yemwe nthawi zina amabwera ndi zinyalala kapena madzi. Kusiyana kwake nkwakuti jeti yotsekeka imangozimitsa injini, siikonda kuikweza pamwamba. Gasiketi ya pakamwa pa payipi ya utsi ikamatulutsa, nayo imaphulitsa sayilensa. Yang'anani mwaye wakuda pamenepo. Pomaliza mavavu: akathina, njinga imavuta kulira ndipo idling siikhazikika. Injini zambiri za mtundu wa CG, zotengera injini ya Honda CG125, zimafuna mpata wa pakati pa 0.05 ndi 0.08 mm zili zozizira. Makaniko wotchuna kabuleta mavavu asanawayeze akutunga madzi ndi dengu.

Kupeza pomwe mpweya ukulowera

Yambani ndi dzanja, palibe chogula. Imikani njinga pa sitandi yapakati, ilire mpaka itenthe. Gwirani kabuleta nkuigwedeza pang'onopang'ono, m'mwamba, pansi, m'mbali. Injini ikasintha mawu pomwe mukugwedeza, mwapeza kale dera lake: labala wa manifodi wang'ambika kapena kilampu yakhwepa. Kawirikawiri mng'alu umakhala kunsi, komwe diso silifika, kapena m'khwinya la labala lomwe limangoyasama likapindidwa.

Kenako chotsani payipi yochokera ku bokosi la fyuluta, pakamwa pa kabuleta pakhale poyera. Tsekani theka la pakamwapo ndi zala. Injini ikayamba kulira mosalala, ndiye kuti inalidi ndi njala ya petulo. Tsopano tsekani ponse ndi chikhatho. Injini yopanda bowo lina imazima msanga, chifukwa mwaitseka mphuno. Ikapitiriza kulira, ngakhale mofooka, ikupumira kwina. Mayeso amenewa sananditayepo. Ofanana nawo ndi kubweza kasikulu ka idling mpaka silayidi itakhala pansi penipeni: yabwino imazima, yoyamwa mpweya imakakamirabe.

Mukatsimikiza kuti bowo lilipo, chatsala ndi kuloza malo ake enieni. Bwezerani payipi ya fyuluta ija. Tengani botolo la pulasitiki, boolani kabowo kakang'ono pachitsekerero, thiranimo madzi. Injini ikulira payokha, thirani kamtsinje kakang'ono pamalo amodzi, dikirani, mverani, kenako pena. Madzi akafika pabowo amalitseka kwa kanthawi kapena amayamwidwa, ndipo injini imasintha mawu pompo: imatsika, imatsokomola, kapena imakhazikika kwa masekondi awiri nkuyambiranso. Musathire paliponse nthawi imodzi, mudzadziwa kuti vuto lilipo koma osadziwa lili pati. Yambirani pomwe manifodi yakumana ndi hedi, bwerani pathupi la manifodi, kenako pomwe yagwirana ndi kabuleta, nkumalizira pachivundikiro cha pamwamba pomwe kebulo imalowera.

Amene ali ndi sipuleyi yotsukira kabuleta, imagwira bwino kuposa madzi chifukwa imalowa m'ming'alu yopyapyala. Koma imayaka. Chitirani panja, kutali ndi mbaula, chidebe cha mchenga chili pafupi, ndipo onetsetsani kuti kapu ya pulagi siikuthetheka moto. Gwiritsani kapayipi kake kofiira kaja kuti mulunjike, ndipo musapopere pafupi ndi pomwe bokosi la fyuluta limakokera mpweya, chifukwa injini idzasintha mawu ngakhale palibe bowo, inu nkugula manifodi pachabe. Ndimaona anzanga ena akudontheza petulo weniweni ndi jakisoni pa injini yotentha. Imeneyo ayi, akuluakulu. Payipi ya utsi ili pompo, thanki ili pamwamba pa mutu wanu.

Njira ina yomwe ndimaikonda ya kumudzi, komwe kulibe sitolo, ndi girisi. Matani girisi wokhuthala kuzungulira mfundo imodzi yomwe mukuikayikira. Injini ikakhazikika, malo ndi omwewo. Ubwino wake ngwakuti girisi sauma msanga ngati madzi, ndiye mumakhala ndi nthawi yokoka moto nkuona ngati ikubwerera pansi bwino. Ndi chofufuzira chabe, si mankhwala, ikatentha amasungunuka.

Pali mabowo ena amene amatseguka injini ikatentha, ena amatsekeka ikatentha, chifukwa aluminiyamu ndi labala sizifufuma mofanana. Mukayesa ili yotentha osapeza kanthu, koma m'mawa ikuvutabe, bwerezani mayeso ili yozizira.

Malo omwe ndimawapeza kawirikawiri

Woyamba ndi O-ring wa pakati pa kabuleta ndi manifodi, pa njinga zomwe kabuleta imamangidwa ndi manati awiri. Watsopano amatumphuka pang'ono pamwamba pa ngalande yake. Wakale amaphwatalala nkulingana ndi chitsulo, ndipo mukamupinda amathyoka ngati kamtengo kouma. Ameneyo sagwiranso ntchito ngakhale mumange bwanji.

Ndipo kumanga kwambiriko ndiye gwero la vuto lachiwiri. Munthu akaganiza kuti pakutuluka, amatenga sipanala 10 nkukoka ndi mphamvu zonse. Makutu awiri a kabuleta kapena a manifodi amapindikira m'kati, pakati nkutukuka ngati uta, mpata nkutseguka pamwamba ndi pansi. Kuti muone, ikani rula yachitsulo pankhope yake nkuyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukadutsa pakati, yapindika. Imakonzeka. Yalani sandipepa wosalala, wa 400, pagalasi lathyathyathya, pakani inki ya maka pankhope yonse, nkumakhula mozungulira ngati mukulemba nambala 8, mosakanikiza mbali imodzi. Inki ikatha ponseponse, yawongoka. Tsukani bwino kuti mchenga wa sandipepa usalowe mu injini. Pomanga, sinthanasinthanani manati awiriwo pang'onopang'ono. Mabawuti a 6 mm amenewa amafuna mphamvu ya pafupifupi 10 Nm basi, ndiko kuti sipanala yaifupi, dzanja limodzi, ikangolimba mwasiya.

Pakati pa manifodi ndi hedi pamakhala kachidutswa kakuda kolimba kotchinga kutentha kuti kusafike ku kabuleta. Kamasweka mwakachetechete, mng'alu wake ngati tsitsi. Ena kakasweka amangokataya nkumanga chitsulo pachitsulo. Mukatero kabuleta imatentha, petulo amawira m'kati, njinga nkumavuta kulira mukangoima pang'ono pa siteji. Kabwezereni, ndi gasiketi kapena O-ring wake mbali zonse monga munapezera.

Manifodi ya labala womatidwa pa aluminiyamu ili ndi chinyengo chake. Kunja imaoneka yosalala, koma labala wasiyana ndi chitsulo m'kati. Ichotseni, ikokeni ndi manja awiri uku mukuipinda, muone ngati pamalire pakuyasama.

Njinga zina zili ndi kapayipi kakang'ono kochokera pamanifodi kupita ku kampopi ka petulo kapena ku kavavu ka mpweya wa ku payipi ya utsi. Kakauma kamang'ambika kumapeto. Ndapezapo kangapo wina atachotsa kavavuko nkusiya kamlomo ka pamanifodi kali pululu. Chivundikiro cha pamwamba pa kabuleta nacho chimalowa mopingasa mazinga ake, kapena kalabala ka m'kati mwake kanatayika tsiku lotsuka.

Nthawi yokhayo yomwe ndimavomera kuti kabuleta yatha ndi pomwe silayidi yadyeka, ikugwedera m'nyumba yake, mpweya nkumadutsa m'mbali mwake. Chimadya silayidi ndi fumbi, ndipo fumbilo limalowera mbali inayo, pakati pa kabuleta ndi bokosi la fyuluta. Bowo la mbali imeneyo silisokoneza idling kwenikweni, poti mpweya wake umadutsabe m'kabuleta, nchifukwa chake anthu salilabadira. Koma limamwetsa injini fumbi losasefa. Njinga yoyenda njira ya ku Makanjira kapena ya ku Katuli m'chilimwe payipi imeneyi ili yong'ambika, maring'i ake sachedwa kutha. Pisani chala pakhosi pa kabuleta; mukamva mchenga, yambani mwakonza kumeneko.

Za silikoni ndinene mosabisa. Silikoni wamba sapirira petulo. Amafewa, amanyotsoka, tizidutswa take nkukakhala pa vavu. Katoni ya sopo nayo si gasiketi, imanyowa nkuphwanyika. Pepala la gasiketi lenileni limapezeka m'masitolo a zipangizo pa boma ndipo kachidutswa kamodzi kamakwana njinga zingapo. Mukagwidwa ndi vutoli kutali, monga ku Nankumba dzuwa litapendeka, dulani lamba wa tchubu chakale, kulungani manifodi mothinitsa, mangani ndi waya. Mufika kunyumba. Mawa lake gulani manifodi.

Chifukwa chake limabwereranso

Ambiri amadandaula kuti anasintha manifodi miyezi itatu yapitayo, lero yang'ambikanso. Ndikayang'ana, ndimapeza kabuleta ikulendewera mbali imodzi. Kabuleta inapangidwa kuti igwiridwe kuwiri, kutsogolo ndi manifodi, kumbuyo ndi payipi ya bokosi la fyuluta. Payipi yakumbuyoyo ikauma imafupika, kuibwezera kumavuta, ndiye ena amangoisiya yosamanga, ena amachotseratu bokosi nkuika kafyuluta kozungulira kongovala pakamwa. Kulemera konse kwa kabuleta kumatsalira pa manifodi, ndipo bampu iliyonse ya msewu wafumbi imaipinda. Ngakhale mugule yabwino chotani, idzathyoka. Payipi youma iviikeni m'madzi otentha kwa mphindi zochepa, imafewa nkulowa. Ikakana, gulani ina pamodzi ndi manifodi.

Onaninso mabawuti ogwira injini ku felemu. Bokosi la fyuluta lili pa felemu, hedi ili pa injini. Injini ikamagwedera payokha, labala wa pakati ndiye amalipira.

Kwinako ndi kasamalidwe. Kutentha kwa kuno kumaumitsa labala msanga kuposa ku Dedza kapena ku Zomba, ndipo njinga ya kabaza imakhala padzuwa tsiku lonse. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo labala wotchipa sapirira nthawi yaitali. Pogula manifodi, ikanikizeni ndi chikhadabo, yabwino imabwerera, yoipa imakhala gwa ngati pulasitiki kapena imasiya chipsera. Kutsuka injini ndi petulo kapena parafini kumamaliza labala. Kuilowetsa m'madzi a Shire kapena kunyanja ili yotentha, monga ndimaonera madzulo kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kumaziziritsa zitsulo mwadzidzidzi, ndipo kachidutswa kotchinga kutentha kaja sikakondwa nazo. Dikirani izizire. Ndipo kabuleta isamachotsedwe sabata iliyonse. Kuizula ndi sikuludiraiva kilampu isanamasulidwe mokwanira kumang'amba mlomo wa manifodi. Ikani kafyuluta ka petulo pa payipi yochokera ku thanki, kutsuka kudzachepa.

Eni njinga za two-stroke, zija zowotcha oyilo pamodzi ndi petulo, monga Yamaha AG100 ndi DT125 zomwe alangizi akhala akuyendera m'midzi, ali ndi malo ena owonjezera. Mu injini zimenezi chosakaniza chimayamba chadutsa m'chipinda cha kilankishafuti, ndiye masilo, malabala otseka mbali ziwiri za kilankishafuti, nawo amatha kuyamwa. Ya mbali ya magineto ikatha imalowetsa mpweya, injini nkumakwera yokha mochititsa mantha. Mukatsegula chivundikiro mumapeza kuseri kwa magineto kuli chinyezi cha mafuta. Ya mbali ya kilatchi ikatha imayamwa oyilo wa m'giyabokosi, utsi nkuchuluka, oyilo nkumatsika popanda podontha. Two-stroke yoyamwa mpweya musaiyendetse ngakhale kupita pa msika, imagwira pisitoni mofulumira kuposa zinazi.

Mukatseka bowo, kumbukirani kuti tisikulu tija tinapotokoledwa pofuna kubisa vutolo, ndiye tsopano njinga ikhala ikumwa petulo wambiri. Bwezani kasikulu kosakanizira mpaka kagunde mopepuka, osakanikiza chifukwa nsonga yake imathyoka, kenako katulutseni kamodzi ndi theka kapena kawiri. Kakakhala mbali ya injini, kukatulutsa kumawonjezera petulo. Kakakhala mbali ya fyuluta, kukatulutsa kumawonjezera mpweya. Lizani njinga itenthe kwa mphindi khumi, sunthani kasikuluko pang'onopang'ono mpaka pomwe injini ikulira mokweza ndi mosalala, nkutsitsa ndi kasikulu ka idling kufika poti injini izizungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi, kapena pomwe ikugunda modekha osanjenjemera. Kasikulu ka petulo kakafuna kutulutsidwa kupitirira katatu kuti injini ikhazikike, pali bowo lina lomwe simunalipeze, kapena jeti yaing'ono ija ikadali yotsekeka.

Ikani pulagi yoyera, mpata wake 0.6 mpaka 0.7 mm, tchoko chibwerere m'malo mwake, muyende mtunda wokwana kuti itenthe zenizeni. Ine ndimawoloka mlatho nkulowera njira ya ku Malindi, pobwerera nkuima, kukoka moto kamodzi nkusiya, kumvera ngati yagwa pansi nthawi yomweyo. Ndikafika pagalaja ndimadikira izizire, nkumasula pulagi kuona mtundu wake, kenako ndimabwerezanso manati awiri aja ndi kilampu, chifukwa gasiketi yatsopano imakhala pansi ikatenthedwa koyamba.